Mkwiyo wa ochemerera ku Dwangwa: timu ya dera ikagwa, amaidzutsa ndani?

NKHOTAKOTA - Timu ya Dwangwa United inatuluka mu ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko muno kumapeto kwa nyengo ya 2019, itasewera mu mpikisanowu kwa nyengo zinayi zotsatizana kuyambira m'chaka cha 2016. Pofika nyengo ya 2025 timuyi inali isanabwerere, zomwe zikutanthauza kuti boma la Nkhotakota, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 393,000, linatha zaka zonsezi lopanda timu yakeyake mu ligi yaikulu.

Kwa anthu okonda masewero a m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Benga, kudzera paboma mpaka ku Dwambazi, iyi si nkhani yaing'ono. Ochemerera akamakwiya, mwambo wake ndi wakuti amaloza chala mphunzitsi, osewera, oimbira masewero kapena akuluakulu a komiti. Koma kuunika bwino momwe matimu akhala akulowera ndi kutulukira mu ligi yaikulu m'zaka zapitazi kukusonyeza kuti gwero la vutoli lili kutali ndi bwalo la zamasewero. Lili pa funso la yemwe ali mwini wa timu komanso yemwe amalipira ndalama zoiyendetsera.

Timu yobadwira m'minda ya nzimbe

Mbiri ya mpira ku Dwangwa ndi yolukana ndi mbiri ya shuga. Fakitale ya shuga ya m'derali inayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pansi pa kampani ya Dwangwa Sugar Corporation, yomwe anthu ankaitchula mwachidule kuti Dwasco, ndipo timu ya mpira ya kuderali inadziwika ndi dzina lomwelo kwa nthawi yaitali. M'chaka cha 1997 kampani ya Illovo inagula ntchito za shuga zomwe zinali m'manja mwa Lonrho, kuphatikizapo minda ya ku Dwangwa ndi ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa.

Umu ndi momwe matimu ambiri a m'dziko muno anabadwira. Kampani kapena nthambi ya boma inkakhazikitsa timu pofuna kusangalatsa antchito ake ndi kutchukitsa dzina lake. Osewera ankalembedwa ntchito pakampanipo, basi yoyendera inali ya kampani, ndipo bwalo linali la kampani. Ochemerera udindo wawo unali kubwera Loweruka kapena Lamulungu masana, kuimba, kuvina ndi kubwerera kwawo. Palibe amene ankawafunsa ndalama kupatula ya pachipata, ndipo nawonso sankafunsa momwe chuma cha timu chikuyendera.

Dongosolo limeneli linali lokoma pamene makampani anali ndi chidwi komanso ndalama. Koma linasiya matimu opanda mizu pakati pa anthu owatsatira. MDC United, yomwe inali imodzi mwa matimu oopedwa mumzinda wa Blantyre, inazimirira pamene bungwe lomwe linkaithandiza linatha. Escom United inatenga ukatswiri wa ligi kawiri, mu 2007 ndi mu nyengo ya 2010/11, koma patangopita zaka zochepa dzina lake linasowa pa ndandanda wa matimu a ligi yaikulu. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, ndipo mpira wa m'dziko muno wachitira umboni mwambiwu kangapo.

Amene amagwa nadzuka, ndi amene amagwa osadzuka

Dwangwa United inalowa mu ligi yaikulu m'chaka cha 2016 pamodzi ndi Max Bullets ya m'chigawo cha kummwera ndi Karonga United ya kumpoto. Matimu awiri enawo anatuluka chaka chomwecho, koma Dwangwa inapulumuka, ndipo inapulumukanso mu 2017 ndi mu 2018. Mu 2019 inatuluka pamodzi ndi Mlatho Mponela komanso Masters Security, timu yomwe chaka chimodzi chokha m'mbuyomo inali itatenga chikho cha Carlsberg.

Chofunika kuona ndi zomwe zimachitika timu ikatuluka. Mu 2018 matimu omwe anatsika anali MAFCO, Red Lions ndi Nchalo United. MAFCO ndi Red Lions, omwe ndi matimu a asilikali a dziko lino, anakhala kunja nyengo imodzi yokha ndipo anabwerera mu 2020. Blue Eagles, timu ya apolisi, inatuluka mu 2023, inatenga chikho cha FDH Bank mu 2024 ikusewera mu ligi yaing'ono itagonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pa mapenate, ndipo inabwerera mu ligi yaikulu mu 2025. Koma Nchalo United, m'bale wake wa Dwangwa United wa kuminda ya nzimbe ya kuchigwa cha Shire, pofika 2025 inali isanabwerere, chimodzimodzi Dwangwa United.

Kusiyana kumeneku sikuchokera pa luso la osewera lokha. Timu ya asilikali kapena ya apolisi ikatsika, osewera ake ambiri amakhalabe pa ntchito, malipiro awo amabwera mwezi ndi mwezi, basi ndi malo ochitira zokonzekera zimakhalapobe. Timu yotere imatsika ili yathunthu ndipo imakwera ili yathunthu. Timu ya dera ikatsika, osewera ake abwino amatengedwa ndi matimu a mumzinda nyengo ina isanayambe, ndalama za pachipata zimachepa chifukwa Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers sabweranso, ndipo ochita malonda omwe ankaponyako kangachepe amabweza dzanja. Imayamba ligi yaing'ono ili yofooka kuposa tsiku lomwe inatuluka.

Mpata wokwerera nawo unali wopapatiza. Kwa zaka zambiri chigawo chilichonse chinkakweza timu imodzi yokha pa nyengo. M'chigawo chapakati mwayiwu unapita kwa MAFCO mu 2020, Dedza Dynamos mu 2022, Extreme mu 2023, Creck Sporting mu 2024 ndi Blue Eagles mu 2025. Chaka chilichonse chomwe timu ya asilikali kapena apolisi ili mu ligi yaing'ono, matimu a m'madera amapikisana ndi mnzawo yemwe ndalama zake zimachokera ku thumba la boma.

Mtengo wokhala kutali ndi mizinda

Ligi yaikulu ya matimu 16 imafuna kuti timu iliyonse isewere masewero 30, ndipo 15 mwa iwo ndi a koyenda. Matimu a ku Blantyre kapena ku Lilongwe amasewera ena mwa masewero a koyendawo mumzinda mwawo momwe, osewera n'kukagona kunyumba kwawo. Timu ya ku Dwangwa ilibe mwayi wotere. Ulendo wa ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 400 kupita kokha, ndipo maulendo a ku Mzuzu, ku Karonga ndi ku Lilongwe onse amafuna mafuta a basi, malo ogona, chakudya ndi ndalama za m'thumba za osewera. Msewu wa M5 womwe timu iyenera kudutsa wakhala ukuvuta nthawi ya dzinja, makamaka pa milatho ndi m'malo otsika a m'mbali mwa nyanja.

Ndalama zolowa ndi zochepa poyerekeza ndi zotuluka. Kwa zaka zambiri dongosolo logawira ndalama za pachipata linali lakuti, akachotsa zolipira apolisi, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito pabwalo, timu iliyonse mwa awiriwo inkalandira magawo 25 pa 100 alionse, mwini bwalo magawo 25, ndipo zotsalazo zinkapita ku bungwe la FAM, la SULOM ndi ku khonsolo yoona zamasewero. Timu yomwe ilibe bwalo lakelake, ndiponso yomwe ochemerera ake ndi odula nzimbe, alimi a mpunga ndi asodzi a usipa omwe ndalama amaziona pa nyengo, singadalire chipata kuti ilipire osewera chaka chonse.

Zinthu zinafika povuta kwambiri pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi magawo 25 pa 100 alionse mu May 2022 komanso ndi magawo 44 mu November 2023. Mtengo wa mafuta, yunifolomu, nsapato ndi mipira unakwera. Kumapeto kwa February 2024 madzi osefukira anasakaza nyumba ndi minda m'dera la Dwangwa, anthu ena anataya miyoyo ndipo zikwi zinasowa pokhala. M'dera lomwe mabanja akumanganso nyumba zawo, mpira sungakhale patsogolo pa zofuna ndalama.

Pamwamba pa izi pali malamulo a ziphaso za matimu omwe FAM inayamba kukhwimitsa chapakati pa zaka za m'ma 2010 potsatira zofuna za bungwe la CAF. Malamulowa amafuna kuti timu ikhale ndi ofesi, aphunzitsi a maphunziro oyenera, mapangano olembedwa ndi osewera, matimu a achisodzera komanso mabuku a zachuma ounikidwa. Ndi malamulo abwino, koma lililonse mwa iwo lili ndi mtengo wake.

Bwalo lilipo, timu ndi ya alendo

Chomwe chimawawa kwambiri ochemerera a ku Dwangwa ndi chakuti bwalo la Chitowe silinatseke. MAFCO, yomwe kwawo ndi kusukulu ya asilikali ku Salima, inkagwiritsa ntchito bwaloli ngati pakhomo pake, ndipo kudzera mwa iyo anthu a m'derali anapitiriza kuonera matimu akuluakulu akusewera pa khomo pawo ngakhale timu yawo inali itatsika. Ogulitsa zakudya, a kabaza ndi eni malo ogona alendo anapitiriza kupezako kangachepe pa masiku a masewero.

Komabe mlendo ndi mame. Timu ya alendo ikhoza kusamuka tsiku lililonse ikapeza bwalo lina kufupi ndi kwawo, kapena ikatsika monga inachitira mu 2018. Ndiponso mnyamata waluso wa ku Nkhunga kapena ku Liwaladzi amafuna timu yomwe imayamba kuyang'ana ana a m'deralo isanayang'ane kwina. Timu ya dera ndi makwerero omwe wachinyamata wa kumudzi amadutsapo kuti aoneke kwa aphunzitsi a matimu akuluakulu ndi a timu ya dziko lino ya Flames. Makwererowo akathyoka, luso limathera m'mipikisano ya bonanza ya nthawi ya kampeni.

Mkwiyo uli ndi njira ziwiri

Kukwiya kwa ochemerera pakokha si chinthu choipa. Ndi chizindikiro chakuti anthu akadali ndi chikondi pa timu yawo, chifukwa timu yomwe palibe akuidandaula ndiye kuti inafa kale. Nkhani ili pa komwe mkwiyowo umalowera.

Njira yoyamba ndi yodziwika bwino m'mabwalo a m'dziko muno: kutukwana osewera, kuthamangitsa mphunzitsi, kugenda oimbira masewero ndi kutsekera akuluakulu a timu m'chipinda. Zotsatira zake ndi chindapusa chomwe timu yosauka kale iyenera kulipira, kuletsedwa kusewera pakhomo, komanso kuthawa kwa makampani omwe safuna kuti dzina lawo limveke pamodzi ndi zipolowe. Dziko lino silinaiwale zomwe zinachitika pa bwalo la Balaka mu December 2013, pamene munthu mmodzi anataya moyo pa chisokonezo cha pa masewero a Mighty Wanderers ndi Silver Strikers.

Njira yachiwiri ndi yomwe ochemerera amasandutsa mkwiyo wawo kukhala umwini. Chitsanzo chomveka bwino chikuchokera kutali, mumzinda wa Melbourne m'dziko la Australia, komwe amasewera mtundu wina wa mpira wa osewera 18 mbali iliyonse, wogwiritsa ntchito manja ndi miyendo yomwe. Mu October 1989 timu ya Footscray, ya kudera la anthu ogwira ntchito m'mafakitale, inali m'ngongole zambiri moti akuluakulu a ligi anakonza zoiphatikiza ndi timu ina ya Fitzroy. Ochemerera anakana. Anapita kukhoti kukapeza nthawi, nayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama, ndipo m'masabata atatu anapeza madola a dzikolo oposa 1 miliyoni. Timuyo inapulumuka, inasintha dzina kukhala Western Bulldogs, ndipo mu 2016 inatenga ukatswiri womwe inautenga komaliza mu 1954. Fitzroy, yomwe mavuto ake a zachuma anapitirira, inaphatikizidwa ndi timu ya ku Brisbane mu 1996.

Chuma cha anthu a ku Melbourne sichingafanane ndi cha anthu a ku Dwangwa, ndipo palibe angayembekezere kuti asodzi ndi alimi asonkhe mamiliyoni m'masabata atatu. Phunziro lili pa dongosolo. Matimu ambiri a kumeneko ali ndi mamembala olembetsa omwe amalipira chaka ndi chaka, ndipo m'matimu ochuluka mamembalawo amasankha atsogoleri ndi kulandira lipoti la zachuma. Munthu yemwe walipira ali ndi ufulu wofunsa, ndipo wofunsidwayo ali ndi udindo woyankha.

Kuno kwathu matimu akuluakulu anatsata njira ina. Big Bullets inafika mu ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004 pamene inkathandizidwa ndi Bakili Muluzi, koma thandizolo litatha inalowa m'zaka za umphawi ndi mikangano ya makomiti. Inakhazikika pamene kampani ya Nyasa Manufacturing inaitenga n'kuyamba kuiyendetsa ngati bizinesi, ndipo inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Mighty Wanderers inatenga ligi mu 2017, ndipo kuyambira 2018 mpaka 2024 ochemerera ake anadikira ukatswiri osauona. Thandizo la Be Forward litatha, timuyi inasanduka kampani motsogozedwa ndi Thomson Mpinganjira. Matimu awiriwa anapeza anthu achuma chifukwa ali ndi owatsatira dziko lonse. Timu ya boma limodzi singadikire mpulumutsi wotere. Iyenera kumanga pa zomwe zili pafupi.

Zomwe zili pafupi

Nkhotakota si boma lopanda chuma. Ku Dwangwa kuli fakitale ya shuga, fakitale ya ethanol ya Ethco yomwe inayamba ntchito mu 1982, mabungwe a alimi a nzimbe, mabanki, ochita malonda a mpunga ndi nsomba, komanso malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Palibe mwa awa yemwe angakakamizidwe kusenza timu yekha, ndipo mbiri yasonyeza kale kuopsa kodalira dzanja limodzi. Koma aliyense akhoza kusenza mbali imodzi: wina mafuta a maulendo, wina yunifolomu, wina malipiro a aphunzitsi, wina timu ya achisodzera. Mmodzi akatopa, timu imatsimphina koma siigwa.

Makampani otere amafuna chinthu chimodzi asanatulutse ndalama, chomwe ndi kudziwa yemwe akumupatsa komanso momwe ndalamazo zidzayendere. Apa ndi pamene ochemerera ali ndi ntchito yoposa kuimba. Timu yolembetsedwa mwalamulo, yokhala ndi malamulo ake olembedwa, kaundula wa mamembala, akaunti ya kubanki yosainira anthu angapo ndi msonkhano wa pachaka, ili ndi mwayi wokhulupiriridwa kuposa timu yomwe chuma chake chimayenda m'thumba la munthu mmodzi, ngakhale munthuyo atakhala wokhulupirika chotani. Masiku ano kusonkha kwa mamembala kwaphweka chifukwa cha njira zotumizira ndalama pa foni monga Airtel Money ndi TNM Mpamba, zomwe zimasiyanso umboni wa yemwe walipira.

Udindo wa boma ndi makhonsolo

Kwa ogwira ntchito m'boma, nkhaniyi ikukhudza zambiri kuposa zigoli. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka kwa makhonsolo mphamvu zokonza chitukuko cha madera awo, ndipo masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu January 2021 amaika achinyamata pakati pa chitukuko cha dziko. Khonsolo siyenera kuyendetsa timu kapena kulipira osewera, koma ikhoza kuchita zinthu zomwe timu payokha singathe.

Choyamba ndi mabwalo. Karonga United inatuluka mu 2016, inabwerera mu 2018, ndipo inakhazikika mu ligi yaikulu kwa zaka zotsatizana ikusewera pa bwalo la Karonga pamaso pa anthu akwawo. Dedza Dynamos nayo inalowa mu 2022 ili ndi bwalo la Dedza. Bwalo la khonsolo lokhala ndi mpanda limabweretsa ndalama ku khonsolo komanso limapatsa timu pokhala podalirika.

Chachiwiri ndi kukhala mkhalapakati. Ofesi ya bwanamkubwa ndi ofesi ya zamasewero ya boma zili ndi kuthekera koitanitsa pamodzi makampani, mafumu, aphungu, makhansala, akuluakulu a timu ndi oimira ochemerera, chinthu chomwe komiti ya timu yomwe ikuwawidwa ndi ngongole singachite mosavuta. Mgwirizano wotuluka pa msonkhano wotere uyenera kulembedwa ndi kutetezedwa ku ndale, popeza thandizo lobwera ndi chisankho limapitanso ndi chisankho.

Chachitatu ndi masewero a m'sukulu. Timu yopanda ndalama zogulira osewera iyenera kudzilerera yokha, ndipo malo olerera ndi sukulu za pulaimale ndi sekondale zomwe zili kale m'manja mwa boma. Mphunzitsi wa zamasewero yemwe wapatsidwa maphunziro oyambira a uphunzitsi wa mpira ndi mipira yochepa akhoza kuchita zomwe mamiliyoni ogulira osewera sangachite.

Bungwe la FAM, lomwe kuyambira December 2023 lakhala likutsogozedwa ndi Fleetwood Haiya, linakhazikitsa mu 2025 ligi yachiwiri ya dziko lonse yomwe ili pakati pa ligi yaikulu ndi maligi a m'zigawo. Cholinga chake ndi kukonzekeretsa matimu asanakwere. Koma kwa timu yomwe ili mu ligi ya chigawo, izi zikutanthauza kuti makwerero atalika ndi sitepe ina, ndipo sitepeyo ikufuna maulendo a dziko lonse. Timu yomwe ilibe dongosolo la zachuma idzavutika kwambiri tsopano kusiyana ndi kale.

Ochemerera a ku Dwangwa ali ndi zifukwa zomveka zodandaulira. Anaona timu yawo ikulimbana ndi matimu akuluakulu kwa nyengo zinayi, ndipo akudziwa kuti dera lawo lili ndi bwalo, luso ndi anthu okonda mpira. Chomwe zaka za pakati pa 2019 ndi 2025 zaonetsa ndi chakuti kusintha mphunzitsi kapena komiti pakokha sikubwezera timu mu ligi yaikulu. Matimu omwe amabwerera ndi omwe ali ndi wowalipirira wokhazikika. Ngati wolipirayo sakhala boma kapena kampani imodzi, ndiye kuti ayenera kukhala anthu a deralo eni ake, olembetsedwa, osonkha ndiponso ofunsa momwe ndalama zawo zayendera.